Mvula Isanagwe: Za Kolera mu Lusaka ndi Nchito ya Mphunzitsi

(Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a bungwe lathu umene unacitikira ku Woodlands, mu Lusaka, m'mwezi wa Okutobala. Woikamba ndi mphunzitsi wa pa sukulu ina ya pulaimale ya komweko. Taisindikiza monga momwe anailembera.)



Pamene kalata inandipeza yakuti ndidzaime pamaso panu lero, mtima wanga unagunda, pakuti ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe, ndipo ine ndangotuluka dzulodzulo ku sukulu ya uphunzitsi. Koma mwana akatumidwa ndi akulu sakana. Motero ndabwera, ndipo pamene ndiphonya mundikonze monga makolo.

Mutu umene anandipatsa ndi wa macenjezo amene boma lipereka kwa anthu a mu mzinda uno nyengo ya mvula ikayandikira, makamaka a nthenda ya kolera. Ndidziwa kuti wina ali kunena mumtima mwace, "Ife tacokera ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza, ku Nyimba, za m'makomboni a Lusaka zitikhudza bwanji?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndidzaliyankha. Koma poyamba mundilole ndiulule kulakwa kwanga, pakuti ndiko kunandiphunzitsa zimene nditi ndinene.

M'teremu yacitatu ya caka ca 2023 ndinaphunzitsa ana anga a Giredi 5 za nthenda zofala ndi madzi. Phunzirolo ndinalikonza mwaudongo: ndinalemba maina a nthendazo pa bolodi m'Cingerezi, ndi zozibweretsa, ndi njira zozipewera, ana anakopera m'makope mwao, naloweza pamtima, ndipo potha sabata ndinawapatsa mayeso. Mtsikana wina wa zaka 11 anakhoza zonse, osaphonya ndi cimodzi comwe. Amai ace agwira nchito ya m'nyumba kuno kumayadi, koma kwao ndi ku komboni, ndipo mwanayo anali kubwera nao m'mamawa masiku onse. Ndinamuimiritsa patsogolo, anzace namuombera m'manja, ndipo ine ndinadziyesa mphunzitsi weniweni.

Mukumbukira kuti sukulu za m'dziko lonse zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024, koma cifukwa ca kolera boma linasuntha tsikulo kufikira pa 29 Januwale, nilisunthanso kufikira pa 12 Febuluwale. Tsiku lotsegulira mtsikana uja anabwera ali wometa mutu. Sindinamufunse pamaso pa anzace. Ndinadikira nthawi yopuma. Anandiuza kuti mlongo wace wa zaka zitatu anayamba kutsegula m'mimba atangodya nsima ya madzulo. Kunja kunali mvula, njira zonse zitadzala madzi, ndipo ndalama ya galimoto panalibe. Amai anati tipirire kufikira kuce. Mwanayo anali kulirira madzi, koma anali kum'mana, pakuti akamwa anali kusanza, ndipo iwo anayesa kuti madziwo ndiwo ali kukulitsa nthenda. Tambala woyamba atalira anamubereka kunka naye ku cipatala, koma anatsirizikira kumbuyo kwa amai ace asanafike pa mseu waukulu.

Ndinamufunsa ngati m'nyumbamo munali shuga. Anati munali. Mcere? Munali. Makala owiritsira madzi? Analipo. Ndiko kunena kuti mankhwala amene akadasunga mwana uja kufikira ku cipatala anali m'kabati, ndipo m'nyumba momwemo munali munthu wodziwa kulemba dzina la nthendayo m'Cingerezi osalakwitsa lemba. Cimene sanacidziwe ndico cimene ine sindinamuphunzitse: kutenga supuni m'dzanja lace ndi kuyesa muyeso. Sindinena kuti mwana wa zaka 11 akadagonjetsa mau a amai ace usiku umenewo. Koma ine sindinampatse ngakhale mpata woyesera.

Tsono tiyambe ndi nthendayo, pakuti munthu sangacenjeze anzace za cirombo cimene iye mwini sadziwa maonekedwe ace. Kolera ibwera ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene katuluka m'cimbudzi ca munthu, nikalowa mwa wina kudzera pakamwa, m'madzi kapena m'cakudya. Sikayenda ndi mphepo monga cimfine. Kakafika m'matumbo katulutsa ululu umene ucititsa matumbowo kukhetsa madzi ndi mcere wa m'thupi m'malo mwa kuzimwa. Kuyambira pamene munthu wakameza kufikira pamene adwala papita maola 12, kapena masiku ocepa osapitirira 5. Cimbudzi cace cikhala madzi okhaokha otuwa, onga otsukira mpunga, ndipo kawirikawiri thupi silitentha, m'mimba simupota. Ici ndico cinyenga anthu, pakuti tinazolowera kuti nthenda yoopsa ibwera ndi malungo ndi kubuula. Munthu wamkulu akhoza kutaya lita lathunthu la madzi pa ola limodzi. Maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera msanga, minofu ya m'miyendo ikokana, mau asasa, mkodzo uleka. Mwa odwala kwambiri amene sanalandire thandizo, akufa akhoza kufika theka. Mwa amene athandizidwa bwino ndi msanga, akufa safika ndi mmodzi yemwe pa 100.

Cimene cipha munthu wa kolera ndi kutha kwa madzi m'thupi. Cifukwa cace cimene cimpulumutsa ndi kubwezera madziwo mofulumira monga momwe ali kutulukira. Madzi okha sakwanira. Koma anzeru anapeza kuti shuga pang'ono ndi mcere pang'ono zikakhala pamodzi, shuga akoka mcere kulowa nao m'thupi, ndipo mcere ukoka madzi, ngakhale nthendayo iri pakati. Mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, anthu othawa anaunjikana m'misasa ku India, ndipo kolera inawagwera. Dotolo wina, Dilip Mahalanabis, ataona kuti madzi a m'mabotolo olowetsa m'mitsempha amuthera, anasungunula shuga, mcere ndi soda m'migolo, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Imfa zinatsika kucokera pa anthu ngati 30 pa 100 kufikira osakwana 4 pa 100. Taonani kuti ogwira makapuwo sanali madotolo kapena anamwino. Anali amai ndi alongo a odwalawo.

Kuno kwathu mankhwala amenewa tiwachula madzi a moyo, ndipo apezeka m'timapaketi ku zipatala. Paketi imodzi isungunulidwa m'lita limodzi la madzi abwino. Paketi ikasowa, tengani lita limodzi la madzi owiritsa atazizira, masupuni a tiyi 6 a shuga, ndi theka la supuni ya tiyi la mcere. Supuni isaunjikidwe mulu, isalazidwe ndi mpeni. Mukabvundula mulawe: mcere wace usapose wa misozi, pakuti mcere woculuka ndi woopsa kwa mwana. Wodwala amwe pang'onopang'ono kosalekeza. Akasanza dikirani mphindi 10, nimuyambenso ndi supuni. Woyamwa asaleke kuyamwa. Ndipo mundimvetse bwino apa: madzi a moyo salowa m'malo mwa cipatala. Ndiwo kamba wa pa ulendo. Ulendowo uyambe nthawi yomweyo, kaya ndi usana kaya ndi usiku, wina atabereka wodwala, wina atanyamula botolo ndi kapu. Pakuti wofooka kwambiri afunika madzi a m'mitsempha, amene sapezeka kunyumba.

Nanga cifukwa ninji nthendayi ikonda Lusaka? Ambiri ayankha msanga kuti, "Ndi uve wa anthu a m'komboni." Yankho limeneli ndi laulesi, ndipo lisaturuke m'kamwa mwa mphunzitsi. Mzinda uno unamangidwa pa malo athyathyathya, popanda mtsinje waukulu wocotsa madzi, ndipo pansi pa mbali yace yaikulu pali mwala wa laimu umene madzi anaudya kwa zaka zosawerengeka, nasiyamo ming'alu ndi mapanga. M'dothi labwino madzi oipa asefeka poyenda; m'ming'alu athamanga monga mu mpope, osasefeka konse. Ku Kanyama ndi kwina kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, kotero kuti munthu akakumba pang'ono awapeza. Apa pali citsime. Mapazi ocepa kucokera apo pali cimbudzi cokumba ca mnansi. M'cirimwe ziwirizi zikhala ngati zosadziwana. Mvula ikagwa madzi a pansi akwera, zimbudzi zisefukira, ndipo citsime ndi cimbudzi zisanduka mtsuko umodzi.

Anthu sanasankhe kukhala pa malo otere cifukwa cokonda matope. Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo ojambula mapulani ace anaganizira Azungu ndi anchito ao owerengeka. Mayadi aakulu a mitengo, onga ano a Woodlands ndi Kabulonga, anali a eni ace. Anchito anapatsidwa tinyumba tozungulira tonga timene tatsala ku Kabwata kufikira lero. Ena onse amene anadza kudzafuna nchito anadzimangira okha pa mafamu ndi pa malo okumba miyala, kopanda mipope, kopanda ngalande; ndico cifukwa cace makomboni ena achulidwa ndi maina a eni malowo, monga George ndi John Laing. Pa kalembera wa 2022 mzinda uno unapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo oposa theka akhala m'makomboni. Madzi a m'mipope acokera ku mtsinje wa Kafue, pa malo ochedwa Iolanda, makilomita ngati 50 kumwera, ndi ku zitsime zakuya za mu mzinda momwemo. Koma safikira onse, ndipo magetsi akazima makina opopa aima. Tinaona ici m'cirala ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nasowa pafupifupi tsiku lonse. Mai amene mpope wace wauma sagona ndi ludzu cifukwa boma lacenjeza. Apita ku citsime.

Kolera inaoneka koyamba m'Zambia m'zaka za 1977 ndi 1978, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 yabwerera mu Lusaka kawirikawiri, zaka zina pang'ono, zina koopsa. Ya 2017 inalengezedwa pa 6 Okutobala, itayambira ku komboni ya Chipata, nifalikira ku Kanyama. Pofika Meyi 2018 anthu a mu Lusaka oposa 5,400 anali atadwala, 98 atamwalira. Pamenepo ndipo tinaona asilikali akusesa m'misika, ogulitsa a m'miseu atacotsedwa, ndi bwalo la mpira la National Heroes Stadium litasanduka cipatala. Tinayesa kuti taphunzira. Koma mu Okutobala 2023 inabukanso, niposa zakale zonse: odwala m'dziko lonse anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700, ndipo bwalo lija linadzalanso mabedi. Anansi athu a ku Malawi anali atangoika anthu oposa 1,700 ndi nthenda yomweyo mu 2022 ndi 2023. Mwa zonsezi ndifuna musunge cimodzi: ambiri a akufa a mu 2024 sanafere m'manja mwa madotolo, anafera kunyumba kapena panjira, monga mwana uja.

Ife a kumayadi tiri ndi kunyada kwathu, ndipo ndinena ici ndiri pa nthaka ya Woodlands. Tiyesa kuti mpanda wa njerwa ndi geti la citsulo zichinga kolera. Koma taimani pa mseu m'mamawa, kusanace bwino, muone khamu la anthu oyenda pansi kucokera ku Bauleni, ku Kalingalinga, ku Mtendere: ndiwo atiphikira, atilerera ana, atichechera kapinga, atilondera usiku. Ndiwo zamasamba za pa gome lathu zadzera ku msika wa Soweto. Ndipo nyumba zambiri zatsopano zikumba citsime cao cakuya ndi dzenje lao la zonyansa pa yadi imodzi. Mu 1854 dotolo wa ku London, John Snow, analondola imfa za kolera nyumba ndi nyumba, napeza kuti ziloza ku mpope umodzi wa mu Broad Street. Mwa akufawo munali mai wina wamasiye wokhala kutali ku Hampstead, kumene nthendayo kunalibe. Koma iye anali kutumiza ngolo kukamtungira madzi a mpope umenewo, cifukwa anakonda kukoma kwace. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Tsono za macenjezo enieniwo. Sitinganene kuti boma likhala cete. Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Zambia National Public Health Institute alengeza nthenda ikabuka, nawerenga odwala tsiku ndi tsiku. A zanyengo anena za mvula isanayambe. Khonsolo ya mzinda itseka malo odyera auve. Mau amveka pa wailesi, pa televizyoni, m'mafoni ndi pa magalimoto a zimkuzamau. Mauwo ndi oona: wiritsani madzi kapena thirani klorini, sambani m'manja ndi sopo, idyani cakudya cikali cotentha, pitani msanga ku cipatala. Koma makutu a anthu atseguka pamene maliro ayamba, ndipo pamenepo madzi atayika kale. Ndiponso cenjezo liuza munthu coti acite, koma silimgwira dzanja kumuonetsa macitidwe ace. Mai uja anamva bwino lomwe kuti apite msanga ku cipatala. Cimene sanamve ndi cocita pakati pa usiku, mvula iri kugwa, m'thumba mulibe ngwee, mwana ali kusanza zonse. Mtunda umenewo, wa pakati pa wailesi ndi khomo la nyumba, ndi wathu aphunzitsi. Nduna ilankhula kanthawi kocepa madzulo. Ife tikhala ndi ana 50 kapena 60 m'mawa wonse, ndipo akaweruka ali yense alowa m'nyumba yace.

Ndiyankhe tsopano funso lija la anzanga a ku midzi. Pitani ku siteshoni ya Intercity sabata la Khrisimasi muone momwe mabasi a ku Chipata ndi ku Lundazi adzalira. Sukulu zitsekera m'Disembala, nthawi yomweyo imene kolera iyamba kukula, ndipo ana a m'tauni atumizidwa kwa agogo ao kukadya mango ndi kuthandiza kupalira. Mu Januwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analangiza anthu kuti acoke m'malo opanikizana a m'mizinda abwerere ku midzi kumene kuli malo. Ena anakondwa nao mauwo, ena anadandaula. Ine sindiri kuweruza, ndingoti wobwera kwanu abwera ndi zimene ziri m'mimba mwace. Pakuti anthu ambiri omeza kacirombo aka sadwala konse, koma akatulutsabe m'cimbudzi cao kufikira masiku 10. Mlendo wooneka wathanzi akapita kuchire kumtunda kwa dambo limene mudzi utungako, mvula ya usiku itsiriza nchito. Ndipo kwanu cipatala ciri pa mtunda wa maola ambiri pa njinga kapena pa ngolo, mitsinje itadzala. Ngati mwana anafa mu Lusaka, mzinda wa University Teaching Hospital, cifukwa ca usiku umodzi, nanga kwanu kudzatani?

Njira yina ndiyo maliro, ndipo pano ndilankhula mwamantha pamaso pa akulu. Thupi la munthu wakufa ndi kolera liri ndi tizirombo tosawerengeka pa khungu, pa nsalu ndi pa mphasa. Adzukulu asambitsa mtembo, napatsana moni wa m'manja ndi olira, nasamba m'mbale imodzi ndi khamu lonse podya nsima. Cifukwa cace pa nthawi ya mliri a zaumoyo ndiwo akonza mtembo ndi kuuika, abale ocepa ataima poteropo. Ndi cinthu cowawa kwambiri, ndipo ena abisa cimene capha mbale wao kuti akhoze kumtengera kumudzi. Sindiwanyoza, ndani wa ife afuna kuti amai ace aikidwe ndi alendo? Koma inu ndinu amene mfumu ikufunsani nzeru, ndipo ambiri a inu mulalikira pa Sabata. Kambani ndi akulu a mudzi tsopano, maliro asanagwe, pakuti pa siwa si pokambira zotere.

Mbale yosambira m'manja ija ndiinenenso pang'ono, pakuti iri m'nyumba zathu zonse. Ayamba kusambamo abambo, nitsika kwa ena monga mwa msinkhu, ndipo mwana wamng'ono, amene ali wofooka koposa onse, ndiye asamba potsiriza m'litsiro la banja lonse. Ulemu usatayike ai. Wamng'ono agwade monga kale, koma athire madzi ndi kapu pa manja a wamkulu, mbale iri pansi yolandira, sopo kapena phulusa ziri pambali. Ndinayesa ici kwa agogo anga; ananyinyirika masiku awiri, ndipo lacitatu ndiwo anadzudzula mlendo amene anapisa manja m'mbale. Momwemonso madzi abwino aipira m'nyumba, m'ndowa yosabvundikira imene ali yense abviikamo kapu pamodzi ndi zala. Cigubu ca pakamwa pang'ono, cokhala ndi citsekero, ciposa ndowa. Kumene makala ndi nkhuni zisowa kuli mankhwala a Clorin, amene agulitsidwa m'dziko muno kuyambira 1998. Muyeso wace walembedwa pa botolo, ndipo mukathira mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi a matope ayambe asefedwa ndi nsalu yoyera. Katemera wakumwa aliponso, ndipo boma linampereka mu Lusaka mu 2018 ndi mu 2024. Akafika kwanu limbikitsani makolo, koma muwauze kuti achinjiriza kwa nthawi cabe. Za zimbudzi za pa sukulu zathu sindinena zambiri, pakuti ali yense adziwa momwe anasiyira cace. Ndingokumbutsa kuti m'buku la Deuteronomo, mutu 23, ana a Israyeli analamulidwa kukhala ndi malo apadera kunja kwa cigono ndi kufotsera zonyansa zao. Motero nkhani ya cimbudzi siicititsa manyazi ngakhale pa guwa.

Manyazi amenewo apha anthu ambiri. Popeza kolera ichedwa nthenda ya auve, banja liyamba labisa, nilicedwa. Mphunzitsi asaonjezerepo. Musafunse m'kalasi kuti, "Ndani kwao kulibe cimbudzi?" ndipo mwana wocira kapena wofedwa akabwerera, musalole anzace kumthawa pa benci.

Mvula ibweranso ndi zoopsa zina, zimene ndingozichula mothamanga. Mu Lusaka maenje okumbamo miyala adzala madzi, ana nayesa kusambiramo, osadziwa kuya kwace. Ngalande zazikulu, monga ija ya Bombay, zikokolola mwana pa kamphindi. Waya wa magetsi wakugwa ndi mphepo asakhudzidwe, ngakhale madzi amene wagweramo. Za mphezi ndi mtengo woima wokha, za kuoloka mtsinje wodzala, ndi za bowa wosadziwika, inu ndinu mungandiphunzitse. Koma cimodzi ndikupemphani ife a m'tauni: malungo mu Lusaka ndi ocepa, motero ana athu matupi ao sanawazolowere, ndipo akabwera kwanu pa chuthi awagwira koopsa kuposa ana anu. Uzani agogo ao awagoneke m'neti. Ife tikupatsani kolera, inu mutipatsa malungo. Basi imodzi inyamula zonse ziwiri. Ndipo mvula ikatha, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julai, mbaula yolowetsa m'cipinda cotseka ipha banja lonse liri m'tulo, ndi mpweya wopanda utsi kapena pfungo. Ilo ndi phunziro la mwezi wa Meyi, osati la pamene tamva kale za maliro.

Ndikuuzeni cimene ndicita tsopano, kapena wina angatolepo kanthu. M'mwezi uno wa Okutobala, dzuwa likali kuswa mtengo, ndiuza mwana ali yense abwere ndi supuni ya tiyi ndi botolo lotsuka. Tiwiritsa madzi pa mbaula panja, ana ali kuona. Ndiphunzitsa m'Cinyanja, Cingerezi cibwera pambuyo, cifukwa ca mayeso. Ali yense ayesa shuga ndi mcere ndi dzanja lace, nabvundula, nalawa. Wolakwitsa abwerezanso kufikira akhoze. Muyesowo aulemba kucikuto ca kumbuyo ca kope la masamu, pakuti ndilo kope limene silitayika msanga. Nchito ya kunyumba ndi iwiri. Yoyamba, akaonetse amai kapena agogo, nabwere ndi cizindikiro cao. Yaciwiri ndi mafunso amene banja lonse likhale pansi kuyankha: wina akadwala usiku tidzapita ku cipatala citi, tidzadzera njira iti madzi akadzala, tidzagogoda pa khomo la yani wokhala ndi njinga, wilibala kapena galimoto, ndipo adzatsala ndi ana ndani? Makolo ena anaseka, ena anati mphunzitsi ali kuitana tsoka. Koma bambo wina anabwera yekha kudzandiuza kuti pa funso lacitatu lija anapeza kuti sanalankhulane ndi mnansi wace wa galimoto zaka ziwiri cifukwa ca nkhuku, ndipo anapita kukapepesa. Mtsikana uja ndinampempha kuti andithandize kuonetsa ana a makalasi aang'ono. Anayamba wakana, koma pambuyo pace anabvomera, ndipo supuni yace isalala bwino kuposa yanga.

Kumbuyo kwa cipinda cino ndaika ndowa ziwiri za madzi amene ndinawiritsa m'mawa, shuga, mcere, mipeni ndi mabotolo a lita limodzi. A Mkulu wa pa mpando akalola, tisanapite ku nsima ali yense wa ife ayese muyesowo ndi dzanja lace, nalawe. Ndapempha Abusa kuti ayambe ndiwo, kuti wina asacite manyazi. Masupuni ndabwereka 12 ku khichini, ndipo amai ophika awawerenga. Conde abwerere onse.